Ulemu Upite kwa Denga Lodontha la Jaguar XK120

Anthu okonda magalimoto akale ali ndi tsankho. Akayamba kukamba za Jaguar XK120, malovu onse amathera pa injini: masilinda 6, malita 3.4, ndiponso nkhani yoti akatswiri ake, William Heynes, Walter Hassan ndi Claude Baily, ankaikambirana usiku m'nthawi ya nkhondo akulondera fakitale ku Coventry kuopa moto wa mabomba. Akachoka apo amatamanda thupi losalala limene William Lyons anakonza, lija linasiya anthu kukamwa kuli yasa pa chionetsero cha ku Earls Court mumzinda wa London mu 1948. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene amatchula wantchito wofatsa amene amagona atapindidwa kuseri kwa mipando, denga lake la lona. Lero ndikufuna kumuyankhulira.

Denga limeneli silinamiza munthu. Madenga a magalimoto amakono amanyengerera mwini wake, kumuchititsa kuiwala kuti kunja kuli nyengo. La XK120 limamudziwitsa zonse. Mvula ikayamba, ndipo ku England siichedwa kuyamba, bwana amaimika galimoto, kutsika, kusolola lonayo, kutambasula zitsulo zake, kuikoka mpaka ikagwire pamwamba pa galasi lakutsogolo. Akatero sanamalize. Mawindo opukusa mulibemo, muli timawindo tochotsa timene amatizika pachitseko kamodzikamodzi. Pamene akulowanso m'kati, jekete lanyowa, nsapato zikulira, ndipo kawirikawiri mvulayo yakata. Ndi dokotala uti angalimbitse thupi la munthu wolemera mwachangu chotere, wosamulipiritsa?

Taonaninso mtima wake wokhulupirira anthu. Zitseko za galimotoyi zilibe zogwirira kunja. Denga likakwezedwa, wofuna kulowa amapisa dzanja pa kampata ka pawindo n'kufufuza chingwe chimene chili m'kati mwa chitseko, n'kukoka. Mwini wake amatero, mkazi wake amatero, wakuba nayenso angathe kutero popanda kuswa kanthu. M'dziko lodzaza maloko ndi ma alamu, galimoto yosaganizira munthu zoipa ndi yofunika kuivulira chipewa, ngati mphepo sinachiulutse kale.

Adani a dengali amakonda kutchula za pa 30 Meyi 1949. Tsiku limenelo, pa msewu waukulu wa ku Jabbeke m'dziko la Belgium, dalaivala Ron Sutton anathamangitsa XK120 mamailosi 126 pa ola denga lili pamutu. Atalichotsa, pamodzi ndi galasi lakutsogolo, anafika 132, omwe ndi makilomita pafupifupi 213. Ndiye amati, mwaona, denga linaba liwiro. Ine ndikuti m'galimoto monsemo denga lokha ndi limene linali ndi nzeru. Mabuleki a XK120 anali a dilamu, ndipo akatentha ankafooka, phazi likuponda koma galimoto ikupitabe. A Jaguar eni ake anavomereza vutolo ndi zochita zawo, pakuti anagwirizana ndi a Dunlop kukonza mabuleki a disiki amene anawathandiza kupambana mpikisano wa Le Mans mu 1953 ndi galimoto ya C-type. Kufikira nthawi imeneyo, ndani ankagwira malaya a dalaivala wopupuluma? Lona yomweyi, ikukupiza ndi kuwomba m'manja pamutu pake mpaka iye atachita manyazi n'kuchepetsa moto.

Ntchito yake yaikulu komabe ndi yophunzitsa kudzichepetsa. Wogula galimoto yotere ndi munthu amene kunyumba kwake dontho silinagwepo pabedi. M'kati mwa XK120 amalawa moyo wa nyumba ya udzu imene sinafoleredwe bwino, kusiyana kwake n'koti m'nyumba ya udzu umatha kukoka mphasa n'kusamukira pangodya ina, pamene umu ngodya ina mulibe. Madzi amalowera pamene lona yakumana ndi galasi, n'kudontha pabondo. Ena amadzera m'mbali mwa kawindo n'kutsikira m'khosi. Galasi lachita nthunzi, mutu ukukhula denga ngati munthuyo ndi wamtali, chiwongolero chachikulu chili pachifuwa, mapazi akupsa ndi kutentha kwa injini pamene khutu likuzizidwa. Walira mvula walira matope, ndipo amene analira galimoto yoonera nyenyezi asadandaule mitambo ikabwera kudzamuona.

Ena amati dengali limasunganso mabanja, ndipo ndikuwamvetsa. Phokoso lake ndi lalikulu moti mkangano sungapitirire.

N'zomvetsa chisoni kuti wantchito wotereyu anapatsidwa mpata wochepa woonetsa luso lake. Nkhondo itatha, boma la Britain linkagawa zitsulo mokondera makampani ogulitsa katundu kunja, choncho ambiri mwa magalimoto pafupifupi 12,000 amene anapangidwa kufika mu 1954 anakwera sitima, makamaka kupita ku America. Imodzi mwa zoyambirira inagulidwa ndi katswiri wa mafilimu Clark Gable. Tangoganizani, denga lobadwira ku Coventry, lodziwa mvula ya mtundu uliwonse, kukakhala ku California kumene dzuwa limawala miyezi yambirimbiri! Kumeneko ndi kutaya talente.

Choipa koposa chinachitika mu 1953, pamene kampaniyo inatulutsa mtundu wina wa XK120 wa denga lochindikala losokedwa ndi nsalu m'kati, mawindo opukusa, zogwirira kunja kwa zitseko ndi matabwa onyezimira kutsogolo kwa dalaivala. Anthu ofooka anaombera m'manja. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kufika kuphwando ali wouma, wopanda nkhani iliyonse yosimba.

Mwamwayi, mbiri yabweza ulemu kumene unayenera. Lero osunga magalimoto akale amalipira ndalama zankhaninkhani kuti apeze mtundu woyambirira uja, makamaka 242 oyamba amene thupi lawo ndi la aluminiyamu pa mafelemu a mtengo. Akaupeza amaitana mmisiri wosoka n'kumulamula kuti lona yatsopano ifanane ndendende ndi ya mu 1949, msoko uliwonse pamalo pake, ndi mipata yomwe. Kenako Loweruka m'mawa mpondamatikiyo amayang'ana kumwamba, kufunsa foni ngati kugwe mvula, ndipo akaona kamtambo kamodzi amatseka galaja n'kutenga Toyota ya mkazi wake.