Sipuleya satsukira kumtsinje

Loweruka lapitali pakhonde la sitolo ina yogulitsa zaulimi pa Chitipa Boma panabuka mtsutso. Mnyamata wa kabaza, yemwe alinso ndi dimba la tomato, anagula kabotolo ka Cypermethrin. Akukamangirira pakeriyala, anauza mnzake kuti akatha kupopera amangotsukira sipuleya kumtsinje.

"Madzi oyenda sasunga kanthu," anatero.

Mayi wogulitsa nthochi za ku Misuku anasiya kuwerenga chenje.

"Mwanangu, nanga tinsomba tinayandama kwathu tija, mimba zili m'mwamba, nkhanu zitauma m'mbali mwa madzi, anapha ndani? Munthu anatsuka sipuleya kumtunda m'mawa womwewo."

Bambo wachikulire yemwe ankadikira galimoto ya ku Nthalire anasendeza thumba lake n'kuyandikira. Anthu ankamutchula kuti alangizi, ngakhale anapuma ntchito kalekale.

"Mayiwa akunena zoona," anatero. "Mankhwala amenewa sasungunuka bwino m'madzi. Amakakamira ku dothi ndi matope. Kumunda zimenezi n'zabwino, chifukwa dzuwa ndi tizilombo ta m'nthaka tosaoneka ndi maso timawaphwanya, pakatha masabata angapo mphamvu yachepa. Koma m'matope a pansi pa madzi, momwe dzuwa silifika ndipo mpweya ndi wochepa, amakhalitsa. Thupi la nsomba limachedwa kuwachotsa, ndiye timadontho tochepa tikwanira kupha. Njuchi nazo sizipirira."

"Ndiye ali ngati DDT, madala?" anafunsa mnyamata uja, mawu atatsika.

"Ayi. DDT amatha zaka m'nthaka, n'kumaunjikana m'mafuta a nyama ndi anthu. N'chifukwa chake pangano la ku Stockholm la mu 2001 linamuletsa pa ulimi, kungosiya mpata wolimbana ndi udzudzu wa malungo. Awa amatha msanga, koma akagwera m'madzi amayamba apha asanathe. Mvula ikakokolola dothi lopopera, amapita nalo limodzi mpaka mu Songwe kapena Lufira."

Mayi uja anafunsa za mabotolo otha, poti ana amatola n'kumatungira madzi. Mkuluyo anati botolo litsukidwe katatu, madziwo athiridwe m'sipuleya n'kupoperanso m'munda momwemo, kenako libooledwe kuti wina asaligwiritsenso ntchito.

Galimoto inabwera, nkhani inathera pomwepo, koma ikutikhudza tonse. Chilowereni ntchemberezandonda za mtundu watsopano m'dziko muno m'nyengo ya 2016/2017, sipuleya yafika m'makomo ambiri, ndipo ena amagula mankhwala opungulira m'timabotolo topanda chizindikiro. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la mu 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board kuti lizivomereza mankhwala ogulitsidwa m'Malawi, koma bungwelo silingakaime pa dimba lililonse.

Alimi anzanga, gulani mankhwala okhala ndi chizindikiro, musapopere mvula ili pafupi kugwa, ndipo tsukirani sipuleya kumunda, kutali ndi mtsinje ndi chitsime. Kumunsi kuli anthu akumwa madzi omwewo.