Kalata kwa Batire la Galimoto

Okondedwa a Batire,

Ndikudziwa kuti ena aseka kuona munthu wamkulu akulembera kalata bokosi lakuda lonunkha asidi. Asiyeni aseke. Kuno ku Mulanje, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli ndi Muloza, nyumba zambiri zimawala usiku chifukwa cha inu, koma zikomo simunamumvepo.

Ambiri amayesa munabadwira kuliza injini basi. Sadziwa kuti galimoto ya petulo ndi mng'ono wanu. Gaston Planté wa ku France anakupangani mu 1859 pomiza mtovu mu asidi, pamene Karl Benz anadzalembetsa galimoto yake mu 1886. Mu 1881 Camille Faure anapaka phala la mtovu pa timbale tanu kuti muzisunga moto wambiri, ndipo chaka chomwecho Gustave Trouvé anayendetsa njinga ya matayala atatu mumsewu wa ku Paris ndi mphamvu yanu. Galimoto yoyamba kupitirira liwiro la makilomita 100 pa ola, imene Camille Jenatzy wa ku Belgium anayendetsa mu 1899, inalibe ndi dontho lomwe la petulo. Munkaikoka ndinu.

Nanga ufumu unakupulumukani bwanji? Kulemera kwanu kunali mlandu, kutopa msanga mlandu wina, ndipo Model T ya Henry Ford itabwera mu 1908 inali yotsika mtengo. Komabe galimoto ya petulo inali ndi chilema: inkalira munthu akaipukusa ndi chitsulo kutsogolo, ndipo injini ikabweza inkatha kuthyola mkono. Ena ankagula ya magetsi pothawa zimenezo. Mu 1912 Cadillac inatulutsa galimoto yokhala ndi sitata ya Charles Kettering, ndipo amene ankaipatsa moto sitatayo ndinu. Munachiza mdani wanu, iye n'kukutsekerani pansi pa boneti. Akulu sananame kuti chifundo chinapha nkhwali.

Ine ndimaona kuti ulemu wanu weniweni mwaupeza kuno. Minibasi ikakutayani, wina amakunyamulani pa njinga, n'kukakulumikizani ku sola yapadenga. Mumatchaja mafoni, mumaliza wailesi, mumayendetsa makina a wometa pamsika. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mdima unafika ngakhale kwa amene ali ndi mawaya a ESCOM, ndipo ena amene ankakunyozani anayamba kukufunani. Ku Bondo anthu ali ndi magetsi awo ochokera mu mtsinje wa Lichenya, koma midzi yambiri ilibe mwayi wotero.

Zidzukulu zanu za lithium zatenganso galimoto zamakono, ndipo makampani akuloza graphite wa ku Kasiya kuti akazipangire. Zabwino zonse, koma mtengo wake uli patali ndi ife.

Chondiwawa ndi maliro anu. Mukatheratu, anthu amakuswani ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, asidi n'kutayira pansi, mtovu n'kusungunula pa mbaula ana akuonerera. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo ukalowa m'dothi suchoka msanga. Popeza inu mulibe pakamwa, ndikupempherani kwa eni anu: batire likatha musaliswe pakhomo, lisungeni lotseka kutali ndi ana mpaka mutalipereka kwa ogula mabatire akutha.

Ine wanu wokuthokozani,
Mnzanu wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje