Tidainamizira Mphepo

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene adapeka mwambi umenewu ayenera kuti adaupeka ali wokwiya. Ndimamuona m'maganizo atakhala pakhonde m'mwezi wa June, mwera uli pakalikiliki. Wagogoda kabotolo pachikhatho, watsina kafodya kotsiriza, wapendeketsa mutu, diso limodzi watsinzina kale podikira ukali wake. Ndiye fuu! Chala chafika pamphuno chili chabe. Mkuluyo sadadzifunse kuti n'chifukwa chiyani adachedwa ndi nkhani za eni, fodya ali pachala. Adangogamula kuti mphepo ndi mbala, ndipo chigamulocho takhala tikupatsirana mibadwomibadwo, woimbidwa mlanduyo osaitanidwa n'komwe kubwalo.

Lero woiyankhulira mphepo ndine, popeza umboni wapezeka, ngakhale wapezekera kutali.

Anthu a ku Denmark ndiwo adayamba kuilemba ntchito mbalayi pakati pa madzi. Mu 1991 adazika makina 11 opukusa magetsi m'nyanja yamchere, pafupi ndi mudzi wa Vindeby. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva: mzati wachitsulo, mapiko atatu pamwamba, mphepo ikankha mapiko, mapiko azunguza jenereta, magetsi n'kudzera m'nthambo zoyalidwa pansi pa nyanja mpaka kumtunda. Adasankha panyanja chifukwa mphepo ya kumeneko ndi yamphamvu ndiponso yosadukizadukiza, kulibe phiri kapena nyumba zoitchinga. Ankaganizanso kuti pamadzi palibe aneba odandaula, koma apo pokha adalemba m'madzi. Makina 11 aja onse pamodzi sankakwana ndi mamegawati 5 omwe, komabe adagwira ntchito zaka zoposa 25 mpaka pamene adawazula mu 2017.

Zidzukulu zawo ndi zimphona. Ku Dogger Bank, makilomita 130 kuchokera kugombe la kumpoto chakum'mawa kwa England, akuzika makina otalika mamita 260, phiko limodzi lokha mamita 107. Chimphona chimodzi, mphepo ikakwana, chimatulutsa mamegawati 13. Zimphona 10 zokha zikulingana ndi Kapichira yense wa pa Shire, ndipo kumeneko zidzakhalako 277. Mu 2024 magetsi okwana pafupifupi 30 peresenti ku Britain adachokera ku mphepo, ya kumtunda ndi ya panyanja, ndipo pa 30 September chaka chomwecho adatseka Ratcliffe-on-Soar, malo awo otsiriza opangira magetsi ndi malasha. Dziko limene lidaphunzitsa anzake onse kufukiza malasha, lero amene akuwiritsa tiyi wake ndi mbala ya fodya ija.

Poti kulibe malo opanda mfumu, nako pansi pa nyanja kuli mwini. Kampani yofuna kuzika mzati m'madzi ozungulira England ndi Wales imayamba yakagwada ku Crown Estate, bungwe loyang'anira chuma cha ufumu, n'kumalipira lendi. Mu January 2023, itasainidwa migwirizano 6 yoti izibweretsa ndalama pafupifupi £1 biliyoni pachaka, Mfumu Charles idapempha kuti phindulo lipite kothandiza anthu onse m'malo mokometsera kunyumba yachifumu. Ndangoitchula nkhaniyi kuti mwina ingafike m'makutu mwa mafumu ena amene amagulitsa dambo limodzi kwa anthu atatu.

Tsono ngati mphepo ikugwira ntchito usana ndi usiku, osapempha alawansi, amene akuuluza fodya pachala ndani? Tiyambe ndi a Boris Johnson. Mu 2013, ali meya wa London, adanena pawailesi kuti makina amphepo adalephera ngakhale kuchotsa kachikopa kamene kamauma pamwamba pa phala la mpunga. Mu October 2020, atakhala nduna yaikulu, pakamwa pomwepo padatuluka zoti Britain idzatchuka ndi mphepo monga Saudi Arabia idatchukira ndi mafuta, ndipo pofika 2030 nyumba iliyonse idzayaka ndi magetsi a panyanja. Adalonjeza mamegawati 40,000. Mu April 2022 adaona kuti nambalayo yachepa, adaikweza kufika 50,000. Pofika September chaka chomwecho adali atalongedza katundu ku Downing Street. Kukweza nambala sikuvuta ngati tsiku lowerengera udzakhale uli kwina, ukulemba buku la mbiri yako.

Amene adatsala pampando adachititsa okushoni mu 2023. Pa okushoni yotereyi boma limaika mtengo wapamwamba umene lingavomereze pa magetsi, makampani n'kumapikisana kutsitsa. Boma lidati £44 pa megawati imodzi yoyaka ola lathunthu, osapitirira. Makampani adachenjeza kuti chitsulo chakwera, sitima zonyamula mapiko zakwera, chiongoladzanja kubanki nacho chakwera. Kampani ya ku Sweden ya Vattenfall idali itaimitsa kale ntchito ya Norfolk Boreas mu July, ikunena kuti mitengo yalumpha ndi 40 peresenti. Boma lidatemetsa nkhwangwa pamwala. Zotsatira zitatuluka mu September, padalibe ndi kampani imodzi yomwe imene idabweretsa ntchito ya panyanja. Mlimi wa ku Kasungu akafika ku Kanengo n'kupeza mtengo wachipongwe pabelo lake amangong'ung'udza n'kugulitsa, chifukwa lole ya hayala ikumudikira panja ndipo matenanti akumudikira kumudzi. Awa sadang'ung'udze. Adangokhala kunyumba. Patangotha miyezi iwiri boma lidakweza mtengowo kufika £73, chaka chathunthu chitapita pachabe. Mphepo ya ku North Sea chaka chonsecho idangoomba monga mwa masiku onse, popanda woifunsa maganizo.

Za ku America umayamba waseka, kenako n'kugwira pakamwa. Mu 2001 kudabwera ntchito yotchedwa Cape Wind, yofuna kuzika makina 130 ku Nantucket Sound. Pakati pa otsutsa padali Edward Kennedy, phungu wa Senate wodziwika ndi kulankhulira chilengedwe, amene nyumba ya banja lawo ku Hyannis Port idayang'ana madzi omwewo. Padalinso mpondamatiki Bill Koch, wolemera ndi malonda a malasha ndi mafuta, nayenso mwini nyumba m'mbali mwa gombelo. Anthu oti pandale sakadamwerana madzi adapezeka akudyera mbale imodzi, chifukwa magetsi oyera ndi abwino pokhapokha asaonekere pawindo la chipinda chochezera. Milandu ndi ziletso zidadya zaka 16, ndipo mu 2017 ntchitoyo idafa isanazike ndi mzati umodzi womwe. Amene mumaganiza kuti kuthamangira chiletso kukhothi ndi luso la Amalawi okha, pepani.

A Donald Trump udani wawo ndi mphepo udayambira pabwalo la gofu. Adamanga bwalo lawo pafupi ndi Aberdeen ku Scotland, kenako adamva kuti kunyanja, poonekera penipeni, kubwera makina 11. Adakamang'ala kukhothi mpaka kubwalo lalikulu kwambiri la Britain, kumene adagwa chagada mu December 2015. Makinawo adayamba kuzungulira mu 2018. Chaka chotsatira, ali pulezidenti, adauza anthu kuti akuti phokoso la makina amphepo limayambitsa khansa, osatchula kuti akutero ndani. Mu 2023 adati makinawo akupengetsa anamgumi. Bungwe la boma la America loona za nyanja, la NOAA, lidati palibe umboni woti ntchito za magetsi amphepo zikupha anamgumi; zimene zimawapha kwambiri ndi kugundidwa ndi sitima komanso kukodwa m'zingwe za asodzi. Komabe n'zokoma kuona anthu amene sadakhetsepo msozi chifukwa cha chamoyo chilichonse cha m'madzi akusanduka anamfedwa a namgumi kampeni ikayandikira.

A Joe Biden, ali pulezidenti wa America, mu 2021 adalonjeza mamegawati 30,000 a panyanja pofika 2030. Pa 20 January 2025, tsiku lomwe a Trump adabwerera ku White House, adasaina zoletsa kubwereketsa malo atsopano a panyanja kwa makampani amphepo, n'kusainanso zotulutsa America mu mgwirizano wa zanyengo wa ku Paris, kachiwiri. Mu August boma lawo lidalamula kuti ntchito ya Revolution Wind, kufupi ndi Rhode Island, iime. Pa makina 65 adali atazika kale 45, ntchito yonse itafika pa 80 peresenti, amisiri ali ndi zipewa kumutu pakati pa nyanja. Apa mwambi wathu udasowa chonena. Makolo adatitsimikizira kuti wapamphuno ndi wako. Sadaganizeko zoti kungabwere munthu ndi kalata ya boma kudzakolowola fodyayo m'mphuno mwako. Patatha mwezi woweruza wa ku Washington adalola kuti ntchito ipitirire, amisiri n'kubwerera m'sitima zawo.

Sindikunena kuti mphepo ndi mngelo. Imatha kugona. Chakumapeto kwa 2024 ku Germany kudagwa masiku opanda mphepo ndi dzuwa lomwe, mitengo ya magetsi idakwera koopsa, mpaka a ku Norway ndi Sweden, amene adalumikizana nawo nthambo, adapsa mtima poona kuti nawonso akulipira. Mu July chaka chomwecho phiko la makina a Vineyard Wind lidathyoka, zidutswa zake n'kukatsakamira m'magombe a Nantucket, anthu adaletsedwa kusambira. Asodzi amene amauzidwa kuti asaponye makoka pomwe makolo awo ankaponya ali ndi dandaulo lenileni. Koma taonani za ku Scotland. Kumeneko mphepo ikachuluka, eni makina amalipidwa kuti awaimitse, chifukwa nthambo zopita kummwera, kumene kuli anthu ambiri, n'zochepa. Nthawi yomweyo eni makina a gasi kummwerako amalipidwa kuti ayatse awo. Mlandu umenewunso tiupereke kwa mphepo? Akatswiri amatha kuyeza mphepo ya pamalo kwa zaka, n'kuuza banki kuchuluka kwa magetsi amene adzatuluke zaka 25 zikubwerazo, banki n'kukhulupirira, n'kutulutsa ndalama. Sadapezekebe katswiri woyeza zimene nduna idzanene Lachiwiri likudzali.

Ku China sachedwa ndi zokambirana. Mu 2021 mokha adazika makina a panyanja a mamegawati pafupifupi 17,000, kuthamangira kuti amalize thandizo la boma lisanathe pa 31 December, ndipo lero pafupifupi theka la magetsi amphepo a panyanja padziko lonse lili kwawo. Koma malasha oposa theka la onse amene dziko lapansi limatentha, otenthawo ndi iwo omwe. Awa amanunkhiza ndi mphuno zonse ziwiri.

Wina afunsa kuti ife a dziko lopanda nyanja yamchere zikutikhudza pati. Utsi sufuna pasipoti. Mu January 2022 namondwe wa Ana adagumula mbali ya damu la Kapichira, mamegawati ake 130 adazima, ndipo tidasinthana mdima kupitirira chaka. Akatswiri a World Weather Attribution adapeza kuti kutentha kwa dziko kudaonjezera mvula ya namondweyo. Mu March 2023 kudabwera namondwe wa Freddy. Za ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje si zoseketsa: anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 600,000 adathawa m'nyumba zawo. Pachaka, utsi wa mafuta ndi malasha umene Mmalawi mmodzi amatulutsa sukwana ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100 a umene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa. Onunkhiza ndi ena, oyetsemula ndife.

Pachala pokha atiikirapo fodya wambiri. Ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera adalonjeza $100 biliyoni pachaka pofika 2020. Malinga ndi kawerengedwe ka bungwe la OECD ndalamayo idakwana mu 2022, ndipo zambiri mwa zimene maboma adapereka zidali ngongole. Ku Dubai mu 2023 adatsegula thumba lolipira zoonongeka ndi kusintha kwa nyengo, malonjezo oyamba n'kukwana pafupifupi $700 miliyoni, za dziko lonse lapansi. Kukonzanso zimene Freddy yekha adaononga m'Malawi mokha kudawerengedwa pa $680 miliyoni. Ku Baku mu 2024 nambala idakwera kufika $300 biliyoni pachaka, tsiku lake n'kusunthira ku 2035, pamene ambiri mwa amene adaomba m'manja adzakhale atapuma ntchito. Yoti idafikako pamphuno ndi ya Scotland, imene ku Glasgow mu 2021 idalonjeza kandalama ka £2 miliyoni basi. Pambuyo pake mabanja ena a ku Nsanje amene Freddy adawasiya pamtetete adalandira ndalama zochokera ku boma limenelo, m'manja mwawo.

Choncho inu amene mumatiimirira ku misonkhano ya zanyengo, mukadzamva mawu oti biliyoni musadzafulumire kuimirira n'kuomba m'manja. Dzafunseni ngati ndalamayo ndi ngongole, tsiku limene idzalowe, ndiponso kuti wolonjezayo chisankho kwawo chiliko liti. Akadzati chiliko chaka chamawa, dzamupempheni asainiretu cheke musanakwere ndege.