Tsiku Limene Nthambi Ziwiri Zinandiika Pabwalo

Ine amene ndinakulira m'nthawi ya choko ndi sileti, nthambi ndikuzidziwa za mango zokha, ndinavomera mosaganiza pamene mdzukulu wanga, atatopa kuona malamulo a banki mkhonde yathu akunyowa m'chikwama changa, anawalowetsa m'kompyuta nandiikira GitHub Desktop, nati, "Agogo, kuyambira lero chilichonse chimene musinthe chidzakumbukiridwa." Ndinamwetulira, osadziwa kuti mwanayo akundiwerengera chiweruzo.

Chida chimenechi chimayendera Git, imene Linus Torvalds anaipanga mu 2005, ndipo nzeru yake njakuti zolemba zenizeni zikhale pa nthambi yaikulu yotchedwa main, koma wofuna kukonza kanthu aphukitse nthambi yakeyake, akonzere kumeneko, kenaka anthu ayerekeze ziwirizo asanaziphatikize. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinayesa kuti mawuwo sakhudza mlembi wophunzira ngati ine.

Tsono usiku wina, nditamva kuti mayi msungichuma atsegula nthambi yawo, ndinalowa pa History, ndinasankha nthambiyo kuti ndiiyerekeze ndi yaikulu, ndipo taonani, tsamba lonse linafiira ngati mtsinje wa ku Iguputo m'masiku a Farao, mzere uliwonse wochotsedwa uli wofiira, m'munsi mwake mizere yomweyo itabwerera yobiriwira. Sindinawerenge ngakhale umodzi, pakuti mkwiyo ulibe magalasi. M'mawa ndinazungulira nyumba ndi nyumba kulengeza kuti mayiwo agwetsa chilamulo chonse, ndipo ndinaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mkuyu.

Pamaso pa khamu lonselo, mdzukulu wanga, amene ndinamtenga kuti akhale mboni yanga, anayang'ana kompyutayo nagwada mwaulemu nati, "Pepanitu agogo, apa palibe chasintha. Kompyuta ya Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziwiri zosaoneka, pamene ya Linux, imene amayiwa anabwereka, imatseka ndi chimodzi. Git imaziona, ndiye ikuyesa kuti mzere uliwonse ndi watsopano." Anadina pamene pamabisa kusiyana kwa mipata, ndipo nyanja yofiira ija inaphwa pomwepo, nkutsala mzere umodzi wokha.

Mzerewo unali wa chindapusa cha ochedwa pamsonkhano, chimene mayi msungichuma anachibwezera pa K500, pakuti munthu wina anachitsitsa mwakachetechete kufika pa K200. Apampando anafunsa kuti munthuyo ndani, ndipo mdzukulu wanga, mwana amene ndinamlipirira sukulu ndi ndalama za fodya, anabwerera m'mbuyo m'mbiri ya tsambalo, kumene kusintha kulikonse kumasungidwa pamodzi ndi dzina la mwini wake ndi tsiku lake, nayamba kuwerenga mokweza.

Ndinatsokomola. Ndinati mwina ndi zizindikiro zosaoneka zija.

"Ayi agogo," anatero, "izi zikuoneka."

Mayi msungichuma sananene kanthu. Anangotsegula kope lawo nandikumbutsa kuti pamsonkhano umenewo, umene ndinauitanitsa ndekha, ndinafikanso mochedwa.