Mwezi satungira mkanda, koma kamera yamva mopitirira

Akuluakulu anati mwezi satungira mkanda, ndipo sananame. Dzuwa limaposa mwezi wathunthu kuwala pafupifupi ka 400,000, choncho wolimbana ndi kabowo ka mkanda usiku amangodzibaya chala. Tsoka lake n'lakuti mwambiwu wapeza mwana wasukulu womvera mopitirira muyezo, kamera yosiyidwa pa auto. Iyo ikaona thambo lili bii imati kwada ponseponse, n'kutong'ola diso lake lonse kwa nthawi yaitali. Chotuluka pamenepo ndi mtanda wa nsima uli lende m'mwamba, wopanda phiri, wopanda chigwa, koma mwini wake amautumizabe pa WhatsApp, ati abale aone kukongola.

Mwambi ukunena za kuwala kofika pabwalo pathu, osati za mwezi weniweniwo. Mwezi ndi chimwala chimene chikuombedwa ndi dzuwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400 kuchokera kuno, ndipo mbali yowala imene tikuionayo kuli masana. Wojambula wodziwa ntchito amaujambula monga za masana: f/11, ISO 100, shutter pa 1/100, lamulo limene amalitcha Looney 11. Wokayika akumbukire kuti mu 1969 Neil Armstrong, ataponda pamwezi ndi kamera ya Hasselblad, ankajambula pa 1/250. Munthu anafikadi kumeneko, nanga ife a pakhonde titsutsa chiyani?

Wina ati usiku umafuna kudekha, kamera ikhale yotsegula masekondi angapo. Zimenezo n'za nyenyezi. Mwezi sudikira munthu: m'mphindi ziwiri zokha umakhala utasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake, ndiye pa lens ya 300mm masekondi angapowo amangoupaka mbuu. Wa foni asadandaule, agunde mwezi pa sikirini ndi kutsitsa kuwala mpaka mawanga aoneke. Wina ati manambalawa amupusitsa, chifukwa mwezi watuluka bwino koma mtengo wa mango ndi apongozi amene anaima pansi pake asowa mumdima. Apa ndiye mwambi wabwezera. Apongoziwo ali pabwalo, pomwe mkanda sutungika, ndipo kamera singakhutitse masana a kumwamba ndi usiku wa pansi pa chithunzi chimodzi. Wofuna onse awiri ajambule chakumadzulo, mwezi ukungotuluka kunja kusanade. Mukachedwa, sankhani mwezi, apongozi muwajambule mawa.