Mkamwini wa ku Leicester

Ku Chilomoni kulibe nkhani ya anthu awiri. Mwamuna ndi mkazi wake akanong'onezana usiku, pofika m'mawa amayi ogulitsa tomato amakhala atagamula kale mlanduwo, akabaza n'kuchita apilo. Ndiye zitamveka kuti mayi a Chisomo, namwino uja anapita ku Leicester zaka zapitazo, apeza mapepala okhazikika ndipo akufuna kuitanitsa amuna awo, dera lonse linakhala pansi kuti lione ngati bambo a Chisomo apite kapena ayi. Eni akewo anafunsidwa pomalizira.

Tisaiwale kuti bambowa anakanapo kale. Pamene akazi awo ankanyamuka, mwayi wotsagana nawo unalipo, koma iwo anayankhira pabawo, mokweza kuti ndi odutsa omwe amve: "Ine ndikatsuke mbale kwa azungu? Ndili ndi golosale yanga." Golosaleyo ilipo ndithu. Kungoti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, m'mashelefu mwatsala machesi, sopo wodulira ndi kope la ngongole. Masiku ano akamatchula mbale za azungu amatsitsa mawu, n'kuwonjezera kuti paja kumeneko zimatsukidwa ndi makina.

Oyamba kufika anali amalume awo a ku Lunzu, nkhoswe ya banjali. Atamva kuti boma la Britain likufuna umboni woti ukwatiwu ndi weniweni, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ukwatiwu tinamanga ndife. Nkhuku inadyedwa, anthu anaona. Mzungu akufunanso chiyani, mphwanga?"

Chisomo, amene ndiye kalaliki wa nkhani yonseyi chifukwa cha laputopu yake, anafotokoza mwaulemu kuti nkhuku ya pachinkhoswe siikwezeka pa intaneti. Kukufunika setifiketi, ndiponso zosonyeza kuti anthu awiriwa akadali pa chikondi mpaka lero: zithunzi, mauthenga a pafoni, malisiti a ndalama, matikiti a ndege a maulendo amene mayiwo ankabwera kudzacheza.

Apa ndiye panagona nkhani. Ife chikondi timachibisa. Bambo wolongosoka sagwira mkazi wake dzanja pamsewu; amayenda patsogolo, mayi pambuyo ndi jumbo. Anafukula zithunzi zonse za m'nyumba. Pa chaukwati, mkwati wakwinya nkhope ngati wamva za imfa. Pa china aimirira awiriwo kutchalitchi, koma pakati pawo pali mpata woti munthu n'kudutsa ndi njinga. Chokhacho chimene anayandikana chinajambulidwa pamaliro ku Ntcheu, ndipo chinawayandikizitsa ndi mvula.

Atatsegula WhatsApp zinthu zinanyanya. Zaka zonsezi, uthenga wake ndi womwewo. "Mwatumiza?" "Ndatumiza, kaoneni ku Mukuru." "Yalowa." "Malata akudontha." "Magetsi azima." "Mayi anu akuti feteleza." Chisomo anawerenga mpaka kumapeto, n'kupumira m'mwamba.

"Adadi, munthu wa ku ofesi akawerenga izi aziti ndinu lendilodi wawo. Lembaniko kamawu kokoma."

Bambo a Chisomo anatuluka panja, n'kuima kuseri kwa bafa kuti asaonedwe, nalemba ndi chala chimodzi: "Ndimakukondani." Sipanathe mphindi ziwiri foni inalira kuchokera ku Leicester.

"Bambo a Chisomo, mwapalamula chiyani? Ndiuzeni ndisanamve kwa anthu."

Za ndalama anazitenga ndi achimwene aang'ono a bambowa, katswiri wa masamu a chuma cha eni. Lamulo limati woitanitsa mnzake azilandira mapaundi osachepera 29,000 pachaka. Kuyambira 2012 malire anali 18,600, koma anawakweza mu Epulo 2024. Achimwenewo anachulukitsa 29,000 ndi mtengo wa mumsewu, osati wa kubanki, ndipo maziro atadzaza foni anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anagamula kuti alamu awo akhala akubisa ndalama zaka zonsezi. Mwa onse amene anali pakhondepo palibe anafunsa za msonkho, za lendi, kapena za ndalama yotenthetsera nyumba m'dziko limene dzuwa la mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane. Kwathu kuno malipiro a munthu wakunja timawawerengera athunthu, ngati mwini wakeyo amadya mphepo.

Nayonso viza ili ndi pakamwa. Fomu yokha ndi pafupifupi mapaundi 2,000. Pamwamba pake pali ya chipatala, mapaundi 1,035 pachaka, yolipiriratu zaka zitatu munthu asanatsokomoleko n'kamodzi komwe. Kutsokomolako nakonso amakufufuza: Mmalawi wofuna kukakhala kumeneko kupitirira miyezi 6 ayenera kukajambulitsa pachifuwa kuti aone ngati alibe TB. Bambo a Chisomo zonsezi anazilandira mwachimuna. Chimene chinawapweteka ndi mayeso a Chingerezi. Munthu amene akalawa kachiwiri pamalo omwera amasiyiratu Chichewa, munthu amene anadzudzulapo wolengeza pawailesi chifukwa cha galamala, lero akakhale pamaso pa woyesa n'kumayankha dzina lake ndi chakudya chimene amakonda! "Tinalamulidwa ndi anthu omwewa mpaka 1964," anadandaula, "lero aiwala kuti Chingerezicho anatisiyira ndi iwo?"

Abale nawo sanagone. Mlongo wawo anabweretsa mwana wake wa Fomu 2 atamumeta bwino, kuti amulembe ngati wawo. Msuweni wina anapempha kuti amuike ngati wowanyamulira chikwama. Fomuyo siidziwa mphwake, siidziwa msuweni. Imadziwa mwana wosafika zaka 18, moti Chisomo mwini, amene akudzaza zonsezi usiku ndi bandulo yake, satsagana nawo. Anatulukiranso dobadoba wina wa tayi yofiira, wodziwana ndi "munthu wamkati", ndi mneneri amene amadzoza mapasipoti Lachisanu lililonse. Onse awiri amafuna zawo patsogolo.

Amene anaphwetsa chisangalalo ndi agogo ena a pabawo, omwe anakumbako golide ku Joni nthawi ya Wenela. Anamvetsera zonse akutakata nkhomo, kenako anafunsa osadzutsa mutu:

"Nyumbayo ndi ya yani?"

"Ya akazi anga."

"Mapepalawo akuimira dzina la yani?"

"La akazi anga."

"Basi, ndi chikamwini chimenecho. Pitani mukalime."

Anthu anaseka, koma agogowo sananame. Viza yoyamba ndi ya miyezi 33. Ikatha mumalipiranso, kulembanso Chingerezi chokwererapo, kusonyezanso kuti mukugona nyumba imodzi, n'kupatsidwa miyezi ina 30. Zaka zisanu zikakwana m'pamene mumapempha kukhazikika. Nthawi yonseyo ntchito mumaloledwa kugwira, koma thandizo la boma la anthu ovutika si lanu, ndipo banja likatha viza nayo amaidula. Mkamwini wa ku Dedza akakomana nazo amakulunga bulangete, kutenga khasu lake, madzulo wafika kwa amayi ake. Wa ku Leicester kwawo ndi ndege ziwiri, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo tikiti yake ayenera kuipempha kwa yemwe wakangana nayeyo.

Kuyambira tsiku limenelo bwalo linagawanika. Azibambo anayamba kuona zoopsa zimene sankaziona kale. Mayi akapita ku ntchito ya usiku, nsima aphika ndani? Akabwera m'mawa atatopa, n'kupeza mbale zili mbwee, munthu uyankha kuti chiyani pamene dzina lako lili pa fomu yake? Wina anachenjeza kuti kumeneko mwamuna akakweza mawu, aneba amaimbira apolisi m'malo mobwera kudzamvetsera pazenera ngati anthu. Azimayi a banki m'khonde anagamula mwachidule kuti apite. Iwo akhala akutsatira amuna awo ku Nsanje, ku Chitipa, kulikonse kumene transifa yagwera, popanda wowaitanira msonkhano. Mmodzi anati walira mvula walira matope: ndalama za ku Leicester bambowa akhala akuzidya mokondwa, tsopano akaone kumene zimachokera.

Bambo a Chisomo anayesa kuthawira ku chikondi cha dziko lawo. "Ine Umalawi wanga sindingautaye." Chisomo anawakumbutsa kuti aphungu anasintha lamulo mu 2018, munthu atha kukhala nzika ya mayiko awiri. Anayesanso za mayeso otsiriza a Life in the UK, mafunso 24 oti ukhoze 18, nati mutu wawo wakalamba. Koma atamva kuti m'buku la mayesowo muli mfumu Henry VIII imene inakwatira akazi asanu ndi mmodzi, chidwi chinabwera, mpaka anapempha kuti awawerengere bwino mbiri ya mkulu ameneyo. Chinatha atamva kuti awiri mwa akaziwo anawadula mitu. Anati ngakhale ku Chilomoni sitifika pamenepo.

Ine ndinakhala nawo pamisonkhano yonseyi, ndipo funso limodzi sindinalimve. Palibe anafunsa ngati anthu awiriwa akufunadi kukhalanso pansi pa denga limodzi. Banja lawo lakhala la mtendere chiyambire kulekana, chifukwa foni ili ndi batani lofiira, ndipo mkangano ukafika povuta netiweki imadziwa kuduka. A ku ofesi ya viza okha, anthu oti sanadyeko nkhuku ija, ndiwo akufunsa za chikondi mosapsatira, pamene ife abale tikufunsa za majekete, mafoni ndi amene atsale ndi kiyi wa golosale.

Pakali pano bambo a Chisomo sananene kuti apita, sananenenso kuti sapita. Anagula chijasi chaubweya pa kaunjika ku Limbe, ndipo amachivala madzulo ngakhale kukutentha, akuti thupi lizolowere. Ana a m'dera ayamba kuwatchula kuti a UK. Mtengo wa kabaza wawakwerera, kutchalitchi awaika m'komiti ya zomangamanga, ndipo onse olembedwa m'kope la ngongole asiya kubweza poti munthu wopita ku Mangalande sangalondole ya shuga.

Inu amene muli m'kopemo, kabwezeni ndithu. Fomu ija sinatumizidwe, ndipo dzulo Chisomo wapeza kuti pasipoti ya bambo ake inatha ntchito chaka chatha.