Milungu ya Agiriki Sinkamva "Pepani"

Mu 1548 mfumukazi Mary wa ku Hungary anaitanitsa zithunzi kwa Titian, katswiri wa ku Venice, zoti apachike m'nyumba yachifumu ku Binche. Wina akanapempha maluwa. Mayiwa anafuna amuna amene milungu ya Agiriki ikuwakhaulitsa. Paja mlongo wawo Charles V anali atangothambitsa akalonga oukira pa Mühlberg mu 1547, ndiye mlendo wamtima wogalukira ankangoti kukweza maso kukhoma, malovu gwa!

Taonani Sisyphus, tambwali amene anapusitsa ngakhale imfa. Nthano imati amakankha chimwala kukwera phiri, chikafika pamwamba n'kugubudukanso. Titian anaona ngati kukankha n'kumunyengerera: anamusenzetsa chimwalacho pamapewa, mutu utapindikira pansi. Ndinayang'anitsitsa kufuna nkhata. Palibe. Chithunzichi chili ku Prado, mumzinda wa Madrid, ndipo mpaka lero mkuluyu sanatule.

Mnzake Tityus mbalame imamujompha chiwindi, chiwindicho n'kumeranso kuti mawa ndiwo isasowe. Mbalame yokhayi ndiyo sinadandaulepo za kukwera kwa mitengo ya zinthu.

Koma watsoka weniweni ndi Tantalus. Anamuimika m'madzi, zipatso zili lende pamutu. Akawerama kuti amwe, madzi aphwa; akatambasula mkono, nthambi yathawa. Ndiye mu 1734 nyumba yachifumu ya ku Madrid, kumene chithunzi chake chinasamutsidwira, inagwira moto, chithunzicho n'kupsera momwemo. Munthu wokhala m'madzi moyo wonse, kufa ndi moto!

Atakalamba, cha m'ma 1570, Titian anajambula Marsyas, theka munthu theka mbuzi, amene anatola chitoliro n'kuyamba matama oti mulungu Apollo sangamuthe pa zoimba. Anagonja. Mpikisano wa kwaya ukatha olephera amangokwera basi mwakachetechete, koma uyu anamupachika chadodolido pamtengo n'kumusenda chikopa ali moyo. Apollo wagwada, mpeni m'manja, wafatsa ngati telala wosoka suti ya ukwati. Pambali wina akuliza zeze, ngati kuti vuto linali kuchepa kwa nyimbo. Wina wabwera ndi ndowa. Mfumu Midas yagwira chibwano, ndipo akatswiri ambiri amati nkhopeyo ndi ya Titian mwini.

Pansi penipeni pali kagalu, kaja kamanyamulidwa m'manja ndi madona, kakunyambita magazi. Kameneko sikanamve n'komwe kuti wapambana ndani.